Mpopi Wathu Unkathirira Manda

Ngalande ya madzi a m'mudzi mwathu ndidakumba nawo ndi manja angawa, ndiye pasapezeke munthu wodzandiuza kuti madziwo tidangopatsidwa. Mapaipi adachokera kuboma, inde, sindikana. Koma nthaka ya kuchigwa kuno ikauma m'chilimwe khasu limachita kunjanja, ndipo amene adaiswa ndi ife. Mudzi uliwonse udapatsidwa chigawo chake chokumba, kuyambira kuphiri kumene adatchinga mtsinje mpaka kutsetsereka kuno cha ku Sharpevale. Ife tidali a kumchira, mpopi wathu ndiwo udali womaliza. N'kuti ndili wongokwatiwa kumene, ndipo ndinkakumba moyandikana ndi amayi anga, amene ankandisiya m'mbuyo ngakhale adali ndi imvi. Chigawo chathu chinkadutsa m'mphepete mwa manda, kunja kwa mitengo, m'munda wina wa chinangwa. Palibe adaganizako kuti manda nawo amakula.

Tsiku limene madzi adafika tidavina mpaka fumbi kutsamwitsa ana. Atcheyamani a chipani a kwathu, bambo wamfupi wosavula jekete ngakhale dzuwa liswe mtengo, adaima pampopi n'kutiuza kuti madziwa ndi mphatso yochokera kwa mwini dziko, ndipo wonyoza mpopi wanyoza boma. Tidaluluta. Amayi adanditsina, n'kundionetsa zikhato zawo zodzaza matuza.

"Nanga awa," adanong'ona, "nawonso ndi mphatso?"

Pakamwa panga ndidatengera iwowo.

Zaka zoyambazo madzi ankatuluka ndi ukali, ndowa inkadzaza usanamalize kupereka moni. Amayi adamwalira madzi akadali choncho. Mkati mwa manda mudali mutadzaza, ndiye adawaika kumapeto, kunja kwa mitengo, pamene kale padali chinangwa. Ena omwalira pambuyo pawo adatsatira komweko, mpaka mbali yonseyo idasanduka manda. Timitengo timene tidazika posonyeza njira ya paipi tidali titadyedwa ndi chiswe kalekale.

Kenaka madzi adayamba kuchepa, pang'onopang'ono, moti sungaloze tsiku. Mzere wa ndowa udayamba kutalika. Chaka china madzi ankabwera m'mawa mokha. Chaka chinacho ankangodontha, azimayi n'kumakangana kuti wadumpha mnzake ndani. Potsiriza ukatsegula mpopi unkangotsokomola mpweya.

Adandisankha m'komiti ya pampopi chifukwa cha pakamwa pomwepa, ndipo ntchito yathu ina idali kuyenda m'njira ya paipi kufunafuna pamene pakutayika madzi. Tinkayenda ndi bambo wina wachisilamu wokonza njinga kumsika, amene adaphunzitsidwa kulumikiza mapaipi ndipo ankasunga chotsekulira cha pamphambano pamene paipi yathu idapatukira. Zimene tinkapeza kumtundako zinkandiwawitsa mutu. Abusa a ng'ombe ankaboola paipi ndi msomali kuti ziweto zimwe. Mipopi ina inkadontha usana ndi usiku, eni ake akungoidutsa. Mkulu wina adapeza kuti m'munda mwake mukutuluka madzi, ndipo m'malo mokanena adadzalapo nzimbe ndi nthochi, n'kumagulitsa kwa ife omwe a ludzufe. Ameneyo ndidamulalatira mpaka agalu ake adathawira kuseri kwa nkhokwe. Tidamata, tidamanga, tidakwirira. Koma kwathu madzi sadabwerere.

Tikafika pamanda tinkalambalala, monga amachitira munthu aliyense wolongosoka, n'kukaipezanso njira ya paipi kumunsi. Kumanda salowako wamba. Ukapezekako popanda maliro, mawa lake dzina lako ndi mfiti.

Chinanso n'chakuti masiku amenewo mawu oti "mpopi wauma" sankanenedwa poyera. Tinkati madzi akupuma. Mayi wina adalakwitsa kunena kumsika kuti mpopi wa kwathu ndi chokongoletsa chabe, ndipo anyamata a chipani adamufunsa khadi, n'kumukhazika padzuwa mpaka msika kutha. Kukamabwera alendo a kuboma, atcheyamani ankatuma anthu kukatseka mipopi yonse ya kumtunda kuti wathu utuluke, ife n'kuimirira pamzere ndi ndowa zotsuka bwino, tikumwetulira. Alendo akangokwera galimoto, mpopi unkayambanso kutsokomola.

Tidabwerera ku zitsime zofukula mumchenga wa mumtsinje, zimene tinkalimbirana ndi ng'ombe. Bambo a ana anga adali kumigodi ku Joni. Ndidali ndi ana awiri: mtsikana wolongolola ngati ine, amene anali atayamba kusenza kachitini kake pamutu, ndi mnyamata wa kubere. Madzi tinkawiritsa nkhuni zikapezeka, koma mwana woyenda amamwa paliponse pamene ludzu lamupeza. Mwezi wa Okutobala, kutentha kuli pachimake, mtsikanayo adayamba kutsegula m'mimba. Ndidamubereka kuthamangira kuchipatala, koma m'njira ndidamva kuti walemera mwa mtundu wina. Sindifuna kulembapo zambiri pamenepa.

Kuyambira tsiku limenelo ndidalumbira kuti mnyamatayo sadzalawa madzi a mumchenga. Anali atamera mano, akuyenda, akutchula mawu, koma ine bere osamuletsa. Anzanga ankandiseka kuti mwanayo adzapita kusukulu ali pabere. Ine ndinkaonda, mkaka unkachepa, ndipo ndinkadziwa kuti tsiku likubwera limene adzayamwa osapeza kanthu n'kukatola chikho cha wina. Zimenezo zinkandisowetsa mtendere kuposa maliro amene.

Manda a mwana wanga adakumbidwa pafupi ndi a agogo ake. Kwathu okumba manda timawatcha adzukulu. Si abale a womwalira, ndi anthu a mbumba ina amene timaikirana maliro, ndipo mwambo umawalola kuseka ndi kunyogodola ofedwa mmene angafunire, kuti mitima ipepuke. Atabwera kudzanena kuti nyumba ya malemu yatha kukumbidwa, ndidaona miyendo yawo ili matope mpaka m'mawondo. Matope, mwezi umene ngakhale achule adali atasamuka. Kumandako ndidaona kuti pansi pa dzenje ayalapo masamba ambiri. Ndidaonanso udzu wa pamanda a amayi uli biriwiri, chigwa chonse chili chofiirira. Udzu umenewo ndinkaudziwa. Anthu ankati manda a munthu wabwino sauma, ndipo ine, chitsiru, ndinkanyadira.

Patsiku lometa, mkulu wa adzukulu, nkhalamba yopanda mano akutsogolo, adali atalawa kale za m'botolo. Adabwera pamene ndidakhala n'kuyamba nthabwala zake.

"Iwe usalire," adatero. "Mwana wapita kwa agogo ake, ndipo kumeneko ludzu sakalimva. Amayi ako ali ndi mpopi wawowawo kumutu, satunga pamzere ngati inu."

Anthu adaseka. Adzukulu anzake sadaseke, adayang'ana pansi. Ndidadikira kuti anthu abalalike, ndipo ndidamupeza kuseri kwa khola n'kumugwira malaya.

"Agogo, mundiuze za mpopi wa amayi anga."

Adayamba kuzemba, koma ine sindidamutaye. Potsiriza adakhala pansi n'kunena. Tsiku limene ankakumba manda a amayi, piki idagunda chinthu kumutu kwa dzenje, madzi n'kuthovoka. Adazindikira kuti aswa paipi ya boma, ndipo onse adagwidwa nthumanzi, poti masiku amenewo munthu ankatha kutengedwa pa nkhani yochepa kuposa imeneyo. Wina adathamanga kukatenga chubu chakutha cha njinga, adamanga pong'alukapo ndi mphira, adasuntha dzenje pang'ono cha kumiyendo, n'kukwirira. Zimene adzukulu aona m'dzenje zimatsala m'dzenje, ndiwo mwambo wawo. Mphira idagwira chaka chimodzi kapena ziwiri, kenaka idayamba kulekerera. Kuyambira pamenepo dzenje lililonse la mbali imeneyo ankalikumba akukapa madzi.

"Ndiye ana onsewa mwakhala mukuwaika m'matope a madzi awo omwe, muli chete?" ndidafunsa.

Nkhalambayo idalira. Ine misozi idali itandithera, chimene chidatsala ndi mkwiyo.

Ndidapita kwa amalume, mlongo wawo wa amayi, amene adali mwini mbumba yathu. Adandimvetsera mpaka kumapeto, akufwenthera fodya wawo.

"Mwana wa mlongo wanga, khoswe wakhala pamkhate," adatero. "Manda akakwiriridwa safukulidwa. Ukufuna amayi ako atitembenukire tonse? Khasu likalowa kumanda popanda maliro limaitana maliro."

"Amalume, maliro akubwera kale osaitanidwa. Wanga ndamuika dzana."

"Ndanena ndanena. Usandichititse manyazi."

Nkhani sigona. Mawa lake atcheyamani adafika pakhomo panga ndi jekete lawo, adakana mpando.

"Mayi, ndamva mukulengeza kuti paipi ya boma idasweka. Adaswa ndani? Tchulani dzina tikanene. Kapena mukufuna kunena kuti boma lidayala paipi pansi pa maliro?"

Ndidaona msampha wake. Ndikatchula adzukulu, nkhalamba ija ikafera m'chitokosi, ndipo mbumba yathu sidzapezanso woiikira maliro. Ndikapanda kutchula, ndiye kuti ndikunamizira chitukuko. Ndidangoti ine ndine mayi wofedwa, ndimalankhula zambiri. Adandiuza kuti ndisamale lilime, n'kumapita.

Ndidapita kumsika kwa bambo wokonza njinga uja. Adapukuta manja ake n'kundiyankha mosazungulira.

"Mayi, guluu ndili naye, kachidutswa ka paipi ndili nako. Koma manda ndi anu, si athu. Khasu langa silingalowe mmenemo. Mundionetse paipi ili poyera, ndipo mwini manda andiitane, ine ndidzakonza."

Ndidabwerera ndili ndi mwana kumsana, ndikutukwana njira yonse. Amuna onsewa aliyense adali ndi chifukwa chake chabwino, ndipo zifukwa zawo zabwinozo zikadandiphera mwana wachiwiri. Akuluakulu adati chetechete sautsa nyama. Kupita ndekha mobisa sindidafune, chifukwa ndiye akadanditcha mfiti ndi umboni, dzenje n'kulikwirira paipi isanakonzedwe. Ndinkafuna aone onse.

Mpata udabwera wokha. Chaka chilichonse mvula isanagwe kumakhala tsiku lolambula kumanda, pamene mudzi wonse, amuna ndi akazi, umapita ndi makasu kukapala udzu ndi kuunjikira dothi pamitumbira ya abale. Ndi tsiku lokhalo limene khasu limalowa kumanda popanda maliro. Anyakwawa atalengeza tsikulo, ndidatumiza mawu kumsika kuti bambo uja adzatseke madzi pamphambano dzuwa likakwera, ndipo adzadikire kunja kwa mitengo ndi zida zake. Khasu langa ndidalinola ndekha pamwala.

M'mawa wa tsikulo tidalowa, anyakwawa adapereka mawu, aliyense adapita pa abale ake. Ndidayamba ndi mtumbira wa mwana wanga, umene dothi lake lidali lisanakhazikike. Kenaka ndidapita pa amayi. Ndidapala udzu wobiriwirawo bwinobwino, monga mwana wolemekeza kholo. Nditafika kumutu ndidamangitsa chitenje m'chiuno, ndidamupereka mwana wanga wa kubere uja kwa mnzanga, ndipo m'malo mopala ndidatema pansi.

Khasu lidalowa ngati m'phala. Ndidatemanso.

"Iwe! Ukuchita chiyani?" Adali amalume, akubwera akudumpha mitumbira.

"Ndikulambula, amalume."

"Kulambula kwake kotero? Siya khasulo!"

"Amayi anga adakumba ngalande iyi ndi manja awo kuti zidzukulu zawo zimwe. Inu mukuti akondwa kugona m'madzi zaka zonsezi, mdzukulu wawo n'kubwera kudzagona pambali pawo chifukwa cha ludzu? Mumawadziwa bwino mlongo wanu. Akadakhala moyo khasuli akadandilanda kuti akumbe okha."

Anthu adasiya ntchito n'kutizungulira. Ndidamva mawu a mayi wina kumbuyo akuti, "Wapenga ameneyu, akufukula amake." Wina adatchula za ufiti. Amalume adagwira mpini wa khasu langa, ine ndidagwiritsa, tidakokana pamaso pa mudzi wonse, mwana wa mlongo ndi malume wake. Manyazi ndidawamva, sindinama, koma sindidataye.

Amene adatilekanitsa ndi mayi wina wofatsa, wosayankhula pagulu, amene adaika ana awiri chaka chimodzi mbali yomweyo. Adangobwera ndi khasu lake, adaima pambali panga n'kutema. Kenaka adabwera wina, ndi winanso. Amalume adasiya mpini, adabwerera m'mbuyo n'kukhala pansi pa mtengo atagwira mutu.

Tidakumba mopingasa kumutu, kutali ndi pamene padagona thupi, poti nkhalamba ija idaima chapafupi ikutilozera ndi chibwano. Matope tinkachotsa ndi manja. Titafika m'chiuno, zala zanga zidakhudza chinthu choterera. Ndidapukuta, ndipo paipi idaoneka, yomangidwa ndi mphira yakuda yofumbwa, madzi otsalira akutuluka pamng'alu wotalika ngati chikhato.

Atcheyamani adadzikankha kutsogolo, adasuzumira m'dzenje.

"Iyi ndi mphira ya njinga," adatero mokweza. "Paipi siidzimanga yokha. Pali munthu adaononga katundu wa boma n'kubisa. Mayi inu mukumudziwa. Mutchuleni pano."

Ndidaona adzukulu ataima pamodzi, nkhope zili pansi, nkhalamba ija ili pakati pawo. Ndidamasula mphirayo, ndidaikweza m'mwamba, matope akuyenderera m'mkono.

"Atcheyamani, malo ano mwini wake ndi mmodzi, ndipo ndi amene agona apawa. Zaka zonsezi madzi a boma akhala akumwa okha. Atengeni mukawatsekere."

Sindikudziwa adayamba ndani, koma kuseka kudabuka, kumanda komweko, anthu akugwira pakamwa koma osatha kudziletsa. Ngakhale anyakwawa adatembenukira kumbali mapewa akugwedezeka. Atcheyamani adayang'ana uku ndi uku kufuna wowathandiza, sadamupeze. Adakonza jekete lawo n'kunena kuti nkhaniyi sidathe. Idathera pomwepo, chifukwa kukanena kuboma kukadaulula kuti mpopi umene ankaonetsa alendo udali wouma.

Padatsala kuti mwini manda aitane wokonza. Onse adayang'ana amalume. Amalume sadadzutse mutu. Ndiye nkhalamba ya adzukulu idayenda yokha mpaka kunja kwa mitengo, idamugwira dzanja bambo wa njinga uja n'kumulowetsa. Iye adavula nsapato, adapepesa eni malo, adatsikira m'dzenje. Adadula pong'alukapo ndi kasowo, adapaka guluu, adalumikiza kachidutswa katsopano. Tidakhala pansi kudikira kuti paume. Pokwirira, dothi loyamba ndidaponya ndine, ndipo ndidawauza amayi chapansipansi kuti asamba mokwanira, madziwa tiwabweze kwa amoyo.

Zimene zidatsatira sizidali zokoma. Adandiitanira kubwalo la anyakwawa n'kundigamula mbuzi yopepesera mizimu. Mbuziyo ndidapereka, koma atandiuza kuti ndigwade ndinene kuti ndidalakwa, ndidati mbuzi yanena kale. Amalume sadadyenso pakhomo panga mpaka imfa yawo, ndipo zimenezo zimandipweteka mpaka lero, chifukwa ndiwo adandilera bambo anga atatisiya. Chilimwe chotsatira udzu wa pamanda a amayi udauma ngati wina uliwonse, ndipo alipo adati ndawachotsera dalitso. Ana a ana a anthu amenewo akamandiloza amati ndi gogo uja adafukula amake. Madzinso sadabwerere ndi ukali wa poyamba, poti kumtunda misomali ndi nzimbe sizidathe. Koma adabwera, ndipo onditcha mfiti aja ankaima nane pamzere umodzi.

Tsiku lomwelo lolambula, dzuwa litapendeka, bambo uja adapita kukatsegula pamphambano. Ife tidakhala pampopi, matope akuumira m'miyendo. Mpopi udatsokomola monga mwa masiku onse. Udatsokomolanso, udalavula madzi ofiira, kenaka oderako, kenaka oyera. Azimayi adayamba kululuta. Ine sindidalulute. Ndidatsuka manja, ndidatunga chikho chimodzi n'kupita nacho kunyumba.

Ndidasinja tsabola pang'ono, ndidapaka kubere, n'kumuika mwana pamiyendo. Adayamwa kamodzi, adalavula, adandiyang'ana ngati ndamupereka kwa adani, n'kuyamba kulira mokuwa mudzi wonse kumva. Ndidamusiya alire. Atatopa, ndidamugwirizira chikho chija pakamwa, ndipo adamwa mpaka madzi kuyenderera pachifuwa.

"Ena," adatero.

Ndidanyamuka kukamutungira.